Mchere mu Mtsuko wa Fuljan

Fuljan Bibi, amene kuno ku Gorankhali timangomuti make Jhorna, ali ndi lilime losanamizika. Mukamupatsa madzi m'kapu sathamangira kumwa. Amayamba wanyowetsa nsonga ya lilime, n'kutsinzina diso limodzi, kenaka n'kukuuzani kumene madziwo achokera, kaya ndi a mvula ogonera mu thanki, kaya ndi a ku dziwe la madzi akumwa, kaya waulesi wina wawonjezeramo a m'ngalande kuti mtsuko udzaze msanga.

Sanabadwe choncho ayi. Anafika kuno pa bwato ali kamtsikana ka zaka khumi ndi zinayi, atavekedwa sari yofiira imene inkamukola m'miyendo, kuchokera kumtunda kumene anthu amamwa madzi a pachitsime osayamba awalawa. Masiku amenewo kuno kunali mpunga, kunali ng'ombe, nthochi zinkagwadira pansi kuseri kwa nyumba iliyonse. Mwamuna wake, Mokbul Gazi, anali mnyamata wamtali wosachedwa kuseka, ndipo naye Fuljan ankaseka, ife tinkamumva.

Ndiye kunadza namondwe wamkulu uja. Anagumula chikhoma cha dothi chimene chimatitchinjiriza ku mtsinje, nyanja n'kulowa m'minda dzuwa lili pamutu. Tsiku limenelo a Atiyar Gazi, mkulu wake wa Mokbul, anali ku msika kutsidya. Mkazi wawo Alekjan anakana kuthawira ku sukulu ya pamizati, poti mwini nyumba anali asanabwere kudzanena kuti pitani. Anangopereka khanda lake, Sobuj, m'manja mwa Fuljan n'kunena kuti, “Tsogolani naye, ine ndikubwera.” Sanabwere. Fuljan anali ndi lake khanda, Jhorna, ndipo anayamwitsa onse awiri, uyu bere ili, uyu bere linalo, mpaka onse atamera mano.

Madzi atabwerera, mchere unatsala. Mpunga unakana, nthochi zinauma, ng'ombe zinagulitsidwa. Minda inasanduka maiwe owetera nkhanu. Mokbul anayamba kupita ku ng'anjo za njerwa kumpoto, kunyamuka mvula ikatha, kubwerera ina ikamayandikira. Fuljan analowa ganyu wa nkhanu, tsiku lonse ali m'madzi ofika m'chiuno, kuzimanga ndi kachingwe zala zake zotsina zija. Manja ake anang'ambika ngati pansi pa dziwe louma. Ndipo kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso kanthu. Sikelo ya wogula nkhanu ankaisuzumira kunsi. Wailesi ikati kunja kucha bwino, iye ankalowetsa nkhuni m'nyumba. Bakha akachedwa kubwera madzulo ankamugwira pakhosi kuti amve ngati wadya kwa eni ake.

Munthu wotereyu mungaganize mmene anamuonera Dipali Mondal.

Dipali ndi mtsikana wa Chihindu wa kumadzulo kwa mudzi, mwana wa msodzi, ndipo amaphunzira ku koleji ya pa boma. Nthawi imeneyo anali asanakwane zaka makumi awiri. Anayamba kusonkhanitsa atsikana ndi anyamata a msinkhu wa Jhorna pansi pa sukulu ya pamizati, poyera, aliyense wodutsa akuona. Ankabzala mitengo m'mbali mwa chikhoma, ankaphunzira kumasulira mbendera zofiira zochenjeza za namondwe, ndipo Jhorna ankabwera kunyumba ndi mawu odzaza m'kamwa.

“Amayi, mukudziwa chifukwa chake mchere ukukwera chaka ndi chaka? Dziko likutentha, ndiye nyanja ikufufuma.”

“Ikufufuma? Yasanduka mkate? Wakuuza ndani?”

“Achemwali a Dipali.”

“Achemwali akowo nyanjayo anaiyeza ndi chiyani, chikho?”

“Akutinso namondwe akabwera, ambiri amene amafa ndi akazi.”

Apa Fuljan anasonkhezera moto. Kenaka anati, “Zimenezonso n'zofunika koleji? Tapita ukatsekere abakha.”

Iye anali ataonapo anthu ovala malaya ofanana akubwera ndi makina ojambulira, kujambula njala ya anthu n'kupita nayo. Anali ataonaponso mayi wina womwetulira bwino amene anatenga atsikana awiri kuti akawapezera ntchito yosoka mumzinda, ndipo mmodzi mpaka lero sanamvekenso. Kwa Fuljan, munthu wosonkhanitsa ana a eni ake popanda chimene akudyapo kulibe. Chilipo chimene akufuna, kungoti sichinaoneke.

Chinayamba kuonekera mu mtsuko. Ntchito ya Jhorna akaweruka ku sukulu inali yokatunga madzi ku dziwe la madzi akumwa, ulendo woti ukanyamuka dzuwa litapendeka umabwera likufiira. Tsiku lina m'nyengo yotentha Fuljan anatunga pang'ono mu mtsuko wachitsulo uja, ananyowetsa lilime, n'kutsinzina diso. Madziwo anali a ku dziwe ndithu, ankamveka ndere zake. Koma kumbuyo kwake kunali kamchere, kakutali ngati mawu a munthu woitana kutsidya la mtsinje.

Mawa lake analawanso, munalibe. Mkuja wake kanalimo. Ndiye anayamba kumuwerenga mwana wake ngati mmene amawerengera thambo. Masiku a mcherewo Jhorna ankabwera tsitsi lili lonyowa mkati, litalukidwa mothinitsa n'kupindiridwa pankhongo, kumanga kumene make sanamuphunzitse. Maso anali ofiira. Mpango wake, umene mtsikana wotha msinkhu sachotsa pachifuwa akakhala kunja, unali ndi makwinya opotana ngati unasanduka chingwe. Mpunga ankadya ngati mlimi. Ndipo ankaimba.

Kuimbako n'kumene kunamudya Fuljan mumtima. Mtsikana wochokera kotunga madzi saimba, amabuula msana.

Asanaganize chochita, a Atiyar anatulukira pabwalo m'mawa wina n'kutsokomola. Fuljan anakokera sari kumutu n'kulowa kuseri kwa nsalu ya pakhomo. Chikwatiwire anali asanawayang'anepo alamu akewo kumaso, ndipo akafuna kuwayankha ankalankhula ndi mzati wa khonde. Iwonso ankalankhula ndi mphepo.

“Ngati make Jhorna ali m'nyumbamo, amve,” anatero atakhala pa kampando. “Dzulo pa tiyirumu ndamwa tiyi wowawa. Anthu akuti mwana wa mng'ono wanga amuona pa khona la chikhoma akulandira mtsuko m'manja mwa mnyamata. Mnyamatayo akuti amadzikulunga kansalu kumaso ngati wakuba. Si kamodzi. Ine ndevu zanga ndizibisa kuti?”

“Mzatiwu uwafunse alamu ngati anthuwo amutchula dzina.”

“Akanamutchula bwenzi ali pabwalo la milandu. Koma nkhani si dzina. Mtsikana wopatsidwa mtsuko lero, mawa apatsidwa chiyani? Ndapeza mnyamata wa kufupi ndi Khulna, ali ndi njinga yamoto yonyamula anthu. Pakhomo pawo pali mjigo wa madzi abwino, mkazi sayenda n'komwe. Mphekesera isanawapeze, tiyeni titseke nkhani. Mokbul ndalankhula naye pa foni, akuti zili kwa ine ndi make. Lachisanu tikachoka ku mzikiti ndibwera ndi zotsekemera zochokera kuchimuna.”

Anatsokomolanso n'kumapita. Fuljan anatsala atatsamira khoma. Kuno make mtsikana akangolawa zotsekemera za kuchimuna, nkhani yatha, chotsala n'kuitana shehe. Jhorna anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo sukulu inali kumuyendera. Koma mjigo pakhomo! Fuljan anayang'ana manja ake ong'ambika aja. Iye anakwatiwa ali wamng'ono kuposa apa ndipo sanafe. Ndipo ngati mphekeserayo inali yoona, ndiye kuti alamu akewo anali kumupulumutsa mwanayo.

Madzulo ake anamudikirira pakhomo.

“Mtsukowu umapita nawo kuti?”

“Ku dziwe, Amayi. Kuli kwinanso?”

“Dziwe lake layamba liti kulawa mchere?”

“Mwina lilime lanu lakalamba.”

“Lilime langa lidzakalamba iwe uli ndi imvi. Wakansalu kumaso uja ndani?”

Jhorna anatsitsa mtsuko pang'onopang'ono, maso pansi. “Sindinganene. Ndinalumbira.”

“Walumbirira mwamuna? Iwe, mwana wa m'mimba mwanga?”

“Si zimene mukuganizazo, Amayi.”

“Ndikuganiza chiyani ine? Tandiuza, poti unaphunzira za nyanja yofufuma. Abambo ako aakulu akubwera Lachisanu ndi kamphika ka zotsekemera za kuchimuna. Ukapanda kunena, ndilawa.”

Mtsikanayo analira, koma pakamwa anatseka. Kuuma mutu kumeneko anatengera make, ndipo make anakudziwa.

Mawa lake dzuwa litapendeka, Fuljan anatuluka m'dziwe la nkhanu atagwira pamimba.

“Mwatani, make Jhorna?” anafuula mnzake wa ganyu, Sobiron. “A Mokbul ali ku njerwa chichokereni mvula, mimba yake yachokera kuti?”

“Yachokera m'kamwa mwako monunkhamo. Undimangireko zanga zatsalazo.”

“Ndikumangireni? Si inu munati ndimaba nkhanu ndi maso?”

“Ndaziwerenga kale.”

Anakabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni wa kwa anansi mpaka anaona Jhorna akutuluka ndi mtsuko. Anamutsata chapatali. Pamphambano pamene njira ya ku dziwe imakhotera kumanja, Jhorna anayang'ana uku ndi uku n'kukhotera kumanzere. Ndinanena ine, anatero Fuljan chamumtima. Ndinanena.

Kumanzereko kuli dziwe la nkhanu limene mwini wake analisiya, lozunguliridwa ndi zitsamba za m'matope. Fuljan anakwawira m'zitsambamo, matope akumumeza mpaka m'maondo. Ankayembekeza kumva mawu a mwamuna, ndipo anali atatola kale chibonga cha nkhuni. Chimene anamva chinali phokoso la madzi ndi chikhakhali cha atsikana.

Anakankha nthambi. M'dziwemo munali atsikana ochuluka ndithu, ana a anthu amene iye amawadziwa, Asilamu ndi Ahindu pamodzi. Onse anali ndi zovala zawo zonse, malaya ndi buluku, koma mipango anali atachotsa pachifuwa n'kumanga m'chiuno mothinitsa. Aliyense anali atavundikira mtsuko wake pamadzi, kamwa pansi, ataukumbatira pachifuwa, ndipo mtsukowo unkamuyandamitsa akumenya madzi ndi miyendo ngati chule. Pakati pawo panaima Dipali, madzi ali m'khwapa, mawu atasasa.

“Miyendo, Rupa, miyendo! Ukumenya ngati ukupempha pepani! Amene tsitsi lamasuka atuluke akamange, sindifuna kuona tsitsi pamadzi. Jhorna, siya mtsuko.”

Ndipo Jhorna anasiya mtsuko.

Fuljan anatsala pang'ono kufuula. Iye mwini, ngakhale amakhalira m'madzi, sanayambe wachotsapo phazi pansi. Anaona mutu wa mwana wake ukumira, ukutuluka, mikono ikudula madzi mopotoka, zovala zikumukoka. Anaona akumeza madzi n'kutsokomola, osaima. Anawoloka dziwe lonselo mpaka anagwira udzu wa kutsidya, n'kutembenuka akuseka, maso ali psuu ndi mchere.

Chibonga chija chinagwa chokha m'manja. Koma Fuljan si munthu woti chinthu chimodzi chikamveka basi zonse zamveka. Mchere wa mu mtsuko waoneka, nanga wakansalu uja? Nanga madzi akumwa amachokera kuti, poti ku dziwe sapitako? Anakhala phee m'matopemo, udzudzu ukumudya, mpaka atsikana anatuluka, anafinya zovala, anatsukuluza mitsuko mothamanga n'kulunjika pa khona la chikhoma. Anawatsata.

Kuchokera mbali ya ku dziwe la madzi akumwa kunatulukira anyamata anayi, nkhope zokulungidwa ndi tinsalu topukutira thukuta. Aliyense anali ndi mitsuko yadothi iwiri, wina paphewa, wina m'chiuno monga amanyamulira akazi, akuyenda chopendekera, madzi akuwatayikira m'miyendo. Anayamba kukhuthulira madziwo m'mitsuko ya atsikana. Mmodzi anadzaza wa Jhorna n'kumukwezera m'chiuno.

Ameneyo Fuljan sanafunike kumuvula kansalu. Anamudziwa mapazi, poti chala chachikulu chopindikira mkati chija anachisisitapo chili kakang'ono ngati nyemba. Komabe anatulukira n'kumuvula.

“Amayi aang'ono!” anatero Sobuj. Anzake atatu aja anali atathawa kale.

“Amayi aang'ono ako a chiyani! Ndiwe wakuba wa pa tiyirumu uja? Ndakuyamwitsa kuti uzidzandinyamulira mtsuko m'chiuno ngati mkamwana?”

“Akamatunga okha sapeza nthawi yophunzira. Ndiye ife tinati masiku ena tizitunga ndife. Timadzera njira ina, kudziwe kwawoko sitifikako, achemwali a Dipali analetsa.”

“Ndipo iwe zikukukhudza chiyani?”

Mnyamatayo anayang'ana kumbali, kumene mtsinje unali kuphwa. Fuljan anakumbukira Alekjan, ndipo sanafunsenso.

Dipali anafika akudontha madzi. “Moni, azakhali.”

“Moni wako sunga. Amakulipira ndani?”

“Palibe. Anatiphunzitsa ku koleji, anatipatsa malaya ndi kapu ya tiyi.”

“Zithunzi za ana a eni ake opanda mipango ukutumiza kuti?”

“Foni ndimasiya kunyumba. Funsani aliyense.”

“Ndifunse akuba anzako? Ngati n'zabwino, mukubisiranji?”

“Chaka chatha ndinayenda khomo ndi khomo kupempha. Kwanu ndinafikanso. Munandiyankhira kuseri kwa chitseko, munati mwana wanu si bakha.”

Atsikana ena anabisa kuseka m'mipango. Fuljan anakumbukira kuti ananenadi.

“Seka, mwana wa Mondal, seka. Chinsinsi chakochi chamutengera Jhorna mwamuna. Anthu aona mnyamata wobisa nkhope akumupatsa mtsuko. Lachisanu kukubwera zotsekemera. Zimenezo anakuphunzitsani ku koleji?”

Nkhope ya Dipali inagwa. Anatembenukira Jhorna. “Bwanji sunandiuze?”

“Mukanathetsa zonse, achemwali. Rupa sanayambe n'kusiya mtsuko komwe.”

“Za tinsaluto ndinalola ndine,” anatero Dipali motsitsa mawu. “Ndinkaganiza zoteteza anyamatawa kuti asasekedwe. Sindinaganize kuti anthu aziona bwanji. Azakhali, ndipite ndikawafotokozere a Atiyar.”

“Iwe? Mtsikana wa Chihindu ukawauze a Gazi za m'nyumba mwawo? Ndiye kuti shehe abwera Lachinayi.”

Sobuj anagwira mkono wa Fuljan. “Amayi aang'ono, musakanditchule. Bambo akamva andisenda. Pa tiyirumu azinditi mkazi wachiwiri wa Atiyar mpaka ndidzafe.”

Fuljan anamuyang'ana nthawi yaitali. Akanangotchula dzina limeneli mphekesera yonse ikanafa pomwepo, poti ana oyamwa bere limodzi ndi mlongo ndi mlongo wake, ngakhale shehe sangawakwatitse. Koma anaona nkhope ya Alekjan pa mnyamatayo, mphumi yomweyo.

“Ine sinditchula,” anatero. “Pakamwa uli napo wekha.”

Masiku otsalawo Fuljan ankamanga nkhanu osalankhula, mpaka Sobiron anafunsa ngati mimba ija yakwera kukhosi. Mumtima munali msika. Chibwenzi palibe, chabwino. Koma mtsikana wovula mpango n'kumagwa m'madzi ndi Ahindu, imeneyonso ndi nkhani, ndipo idzatuluka. Ikadzatuluka, wa mjigo adzakhala atapeza wina. Nanga Dipaliyo, ndani akudziwa chimene chili kumapeto kwa ulusi wake? Lero kusambira, mawa basi ya ku mzinda. Koma akati atseke maso, ankaona kamutu kaja kakumira, kakutuluka, kakupita.

Lachisanu a Atiyar anafika atavala zoyera, akununkhira mafuta a ku mzikiti. Pambuyo pawo panali Sobuj atanyamula kamphika kadothi kophimbidwa ndi pepala lofiira. Anakaika pa khonde. Jhorna anali m'nyumba, atakhala pansi pakona, maondo m'chifuwa. Fuljan anaima kuseri kwa nsalu.

“Make Jhorna atulutse dzanja alawe,” anatero a Atiyar kuuza mphepo.

“Mzatiwu uwauze alamu kuti mnyamata uja ndamuona.”

A Atiyar anadzuka. “Ndani? Mwana wa yani? Ndimukokera pabwalo lero lomwe, bambo ake amve manyazi amene ndamva ine!”

“Ndi wa pakhomo labwino. Dzina sinditchula.”

“Ndiye kuti n'zoona! Mayi akubisa chigololo cha mwana wake! Lawani msanga tisanayaluke tonse.”

Fuljan anayang'ana mapazi a Sobuj kudzera pansi pa nsalu. Chala chopindika chija chinali kukumba dothi. Chinakumba, chinakumba, kenaka chinaima.

“Ndine, bambo.”

“Ndiwe chiyani?”

“Wakansalu uja. Ndimawatungira madzi kuti iwo aziphunzira kusambira.”

Khofi linamveka mpaka kwa anansi. “Iwe? Mwana wanga mmodzi yekhayo? Mtsuko?” A Atiyar ankapuma ngati akwera chikhoma chothamanga. Anatembenukira nsalu ya pakhomo. “Kusambira! Ndiye mwana wa mng'ono wanga akuvula mpango n'kumagwa m'madzi ngati mnyamata? Izi zaposa zija! Akwatiwe mwezi uno!”

Apa m'pamene Fuljan anachita chimene anthu akukambabe. Anakankhira nsalu pambali n'kutuluka, sari ili kumutu koma nkhope ili poyera, n'kuwayang'ana alamu ake m'maso.

“Alamu, tsiku la namondwe lija inu munafika mkazi wanu titamufunditsa kale. Amene anamutsitsa mu kanjedza ndine. Simunandifunsepo, inenso sindinanenepo. Alekjan sanafere m'nyumba. Anatuluka, anayesa. Sari inamumanga miyendo, tsitsi linakulungika pa minga, ndinachita kudula ndi chikwakwa. Kuchokera pa kanjedzayo kukafika pa chikhoma, pamene anthu anaima n'kupulumuka, ndi ngati pano ndi pa khola la abakha apo.” Analoza ndi dzanja lake long'ambika. “Jhorna ndamuona ndi maso angawa akuwoloka kuposa pamenepo, ndi zovala. Mjigo ndikuufuna, Mulungu akudziwa. Koma kamphikako sinditsegula.”

A Atiyar anayang'ana khola la abakha. Analiyang'ana nthawi yaitali. Atalankhula, analankhulanso ndi mphepo.

“Mkazi wa mng'ono wanga wandiyang'ana kumaso. Chabwino. Mokbul akabwera adzaone yekha za pakhomo pake, ine ndachokamo. Iwe, nyamula icho tizipita.”

Sobuj, tsaya lili lotupa, anatola kamphika kaja, ndipo mwa chizolowezi anakakhazika m'chiuno.

“Paphewa, galu iwe! Paphewa!”

Madzulo ake Mokbul anaimba foni. “Akuti wakana nyumba ya mjigo?”

“Ndakana.”

“Mpaka liti?”

“Mpaka amalize sukulu. Ukabwera ukamuone kaye m'madzi, kenaka udzandikalipire.”

Kwa Mokbul kunamveka kaphwete kakutali, kofanana ndi ka mnyamata wamtali uja. “Mkulu wanga unamuyang'anadi kumaso?”

“Ali ndi njerewere pamphuno. Zaka zonsezi sindinkadziwa.”

Nkhani inatuluka monga Fuljan ananenera. Mabanja awiri anachotsa ana awo kwa Dipali. Sobuj pa tiyirumu anamupatsa dzina lija ndithu, ndipo kwa kanthawi ankazungulira njira, koma tinsalu anyamatawo anasiya, poti panalibenso chobisa. A Atiyar sanapondenso pabwalo la mng'ono wawo mpaka mvula inagwa.

Fuljan anauza Dipali kuti ngati zosambirazo zipitirire, iye azikhalapo. Osati chifukwa chomukonda. Ankafuna aone ndi maso ake tsiku limene ulusi udzaonekere kumapeto. Kuyambira pamenepo masiku a phunziro amaweruka msanga ku nkhanu n'kukakhala pa chikhoma cha dziwe lija ndi ambulera yakuda ndi ndodo. Amayamba wapisa m'chikwama cha Dipali kufuna foni. Mwamuna aliyense wodutsa chapafupi amafunsidwa dzina la agogo ake. Ndipo amayi ena atamva kuti make Jhorna, amene sakhulupirira ngakhale bakha wake, amakhala pomwepo, anayamba kutumiza ana awo. Mmodzi mwa awiri anachotsedwa aja anabwerera.

Phunziro likatha amaimiritsa onse pamzere, n'kulawa mtsuko uliwonse.

“Muli mchere.”

“Amayi, tatsuka kawiri!”

“Tsukaninso. Mukufuna kupha anthu impso?”

Tsiku lina, mitambo ya mvula itayamba kuunjikana kumwera, Dipali anatuluka m'madzi n'kudzakhala pambali pake, akufinya malaya.

“Azakhali, madzi lero ndi ofunda. Ndipo mtsuko wa Jhorna ukungokhala, iye saufunanso.”

Fuljan anatsinzina diso limodzi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ndinadziwa,” anatero. “Chiyambire ndinadziwa kuti chilipo chimene ukufuna.”

Sanalowe m'madzi tsiku limenelo. Koma mawa lake Sobiron anaona kuti make Jhorna wabwera ku nkhanu tsitsi litalukidwa mothinitsa n'kupindiridwa pankhongo, ndipo atafunsa kuti walimanga ndani, anauzidwa kuti ayang'ane nkhanu zake.